Phwando la ana lojambula: kandalama kapadera ka Loweruka

Inu amayi ndi abambo amene malipiro amakutherani mwezi usanathe, ngati muli ndi luso lojambula, tcherani khutu.

M'mizinda ngati Lilongwe ndi Blantyre makolo amachitira ana awo maphwando a tsiku lobadwa, koma ana akangodya keke amasowa chochita. Mpata wanu uli pomwepo. Loweruka nyamulani mapepala, makrayoni, penti ya madzi ndi dongo lofewa. Ana aumbe ng'ombe, ajambule nkhuku, aliyense abwerere kwawo atanyamula chomwe wapanga ndi manja ake.

Ngati mukufuna kupenta ana pankhope, pa penti ndiye samalani kwambiri. Penti ya pakhoma kapena ya mafuta musayerekeze kuipaka pankhope ya mwana, ingamuwononge khungu ndipo ingamupweteke maso. Funsani kholo ngati mwanayo amatuluka ziwengo. Ngati mwabweretsa mikanda, isafike kwa ana osakwana zaka 3, amaponya mkamwa.

Mtengo muwerengere pa mwana aliyense, osaiwala ya thiransipoti. Theka la ndalama litsogole pa Airtel Money kapena Mpamba musanagule zipangizo. Zithunzi za ana musaziike pa WhatsApp makolo asanavomere.