Phunziro 14: Mpanda Wamoyo

Anzathu, lero tiwerenga za mpanda.

Chaka chatha gulu lathu linalima dimba m'mbali mwa mtsinje. Tinabzala mpiru, matimati ndi anyezi. Tinamanga mpanda wa mitengo ndi udzu. Pofika mwezi wa Seputembala chiswe chinali chitadya mitengo ija kunsi. Mphepo itawomba, mbali imodzi inagwa, ndipo mbuzi zinalowa. Thukuta la miyezi itatu linatha m'mawa umodzi. Kenaka panabuka mkangano ndi mwini mbuzi, yemwe ndi mnansi wathu.

Mpanda wa mitengo youma ndi wakufa. Chiswe chimaudya, moto umaupsereza. Chaka ndi chaka timadula mitengo ina, ndipo nkhalango ikunka kutali. Koma ulipo mpanda wina umene umamera mizu, umakula, ndipo umakhala wobiriwira dzinja ndi chilimwe chomwe. Umenewu ndiwo mpanda wamoyo. Tiphunzira mitengo iwiri: thuja ndi nkhadze.

Thuja ndi chiyani?

Thuja ndi mtengo wa banja limodzi ndi mkungudza. Mtundu umene umabzalidwa kawirikawiri m'maiko otentha unachokera ku China. Masamba ake ndi ang'onoang'ono, nthambi zake ndi zaphanthiphanthi ngati chikhatho, ndipo ukazifikisa m'manja zimanunkhira. Suyoyola masamba m'chilimwe. Anthu amaubzala mondondozana pabwalo la nyumba, pasukulu ndi pachipatala. Umatchinga mphepo ndi fumbi, ndiponso umakongoletsa malo.

Mitengo ya banja limeneli imakonda malo ozizirirapo, monga ku Angónia ndi ku Furancungo. Kuno ku Chifunde ingachite bwino kumtunda, cha kumalire a Zambia ndi Malawi. Kuchigwa kotentha, monga m'mbali mwa mtsinje wa Luia, imafuna madzi ambiri ndi chisamaliro chachikulu. Tisanabzale, tiyambe taona malo athu.

Kabzalidwe ka thuja

1. Tifese njere panazale pamene pali mthunzi, ndipo tizithirira. Thuja amakula pang'onopang'ono. Mbande zifike masentimita 30 tisanaziwokere.

2. Tiwokere mvula ikakhazikika, mu Disembala kapena Januwale. Tikoke chingwe kuti mzere uwongoke.

3. Tikumbe maenje otalikirana masentimita 50. Dothi lapamwamba tilisakanize ndi manyowa owolerana. Pamalo podikha madzi tisabzalepo, chifukwa mizu imawola.

4. Tiphimbire pansi ndi udzu wouma, koma udzuwo usakhudze tsinde, kuopa chiswe.

5. Chilimwe choyamba tizithirira kawiri pa sabata. Tizinge mbande ndi minga, pakuti mbuzi zimabudula nsonga zanthete.

Kumeta mpanda

Mpanda wosameta umathamangira kumwamba, kunsi n'kusiya mipata. Choncho tizimeta nsonga pang'onopang'ono, kamodzi kapena kawiri pachaka. Kunsi kukhale kotambalala, kumwamba kocheperako, kuti dzuwa lifike ku nthambi zonse.

Lamulo lalikulu ndi ili: tisadule kufika m'kati mouma. Tidule pobiriwira pokha. Nthambi yakale yopanda masamba siphukira msanga, ndipo nthawi zambiri pamatsala chibowo.

Adani a thuja

Mdani woyamba ndi moto. Masamba ouma amaunjikana m'kati mwa mpanda ndipo amayaka msanga. Nyengo yotentha tchire isanafike, tilambule udzu mbali zonse ziwiri.

Mdani wachiwiri ndi nsabwe zimene zimayamwa madzi a m'nthambi. Muno mu Afirika nsabwe zimenezi zinayamba kuoneka ku Malawi m'chaka cha 1986. Zinafalikira mpaka ku Tanzania ndi ku Kenya, ndipo zinaumitsa mitengo yambiri ya mkungudza ndi mipanda yomwe. Zimachuluka m'chilimwe. Tikaona nthambi zikufiira kuyambira m'kati, nyerere zikukwerakwera, tifunyulule nthambi ndi kuyang'ana. Ngati mitengo idakali yaing'ono, tiwaze madzi a sopo. Zikapitirira, tiwauze alangizi a zaulimi.

Nkhadze, mpanda wa makolo athu

Thuja ndi wabwino pabwalo, koma kudimba ndi kukhola tikufuna mpanda wopirira dzuwa, umenenso ziweto sizikonda kudya. Umenewu tili nawo kale. Makolo athu ankazinga midzi ndi makola ndi nkhadze. Nayonso imakhala yobiriwira chaka chonse. Siigulidwa, siifuna nazale, ndipo imamera ngakhale panthaka youma.

Tidule nthambi zokhwima, zotalika ngati mita imodzi. Tiziike pamthunzi masiku angapo kuti podulapo paume. Tizizike mvula ili pafupi kuyamba, motalikirana masentimita 30. Tikafuna mpanda wothithikana, tibzale mizere iwiri. Mpanda wakale tisaugwetse msanga. Uyambe wateteza dimba mpaka nkhadze itagwirana.

Koma nkhadze ili ndi ngozi yake. Utomoni wake woyera ngati mkaka umatentha khungu ndipo umawononga maso. Podula tiime kumene mphepo ikuchokera, ndipo tisagwire kumaso. Utomoni ukalowa m'diso, titsuke ndi madzi oyera ambiri kwa nthawi yaitali, kenaka tithamangire kuchipatala. Ana tiwaletse kuseweretsa nthambi zake. Tisaisonkhezere pamoto, utsi wake umawawa m'maso. Tisaibzale pafupi ndi chitsime kapena dziwe la nsomba, pakuti utomoniwo umapha nsomba.

Ntchito ya tonse

Mpanda wamoyo sutha tsiku limodzi. Nkhadze imafuna zaka ziwiri kapena zitatu kuti igwirane bwino, thuja amaposa apo. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Gulu lathu lagwirizana chotere: nkhadze tizinga nayo dimba, thuja tibzala kutsogolo kwa malo amene timaphunzirira. Ena adula nthambi, ena akumba maenje, ena athirira mosinthana. Mnansi wathu mwini mbuzi uja walonjeza kutipatsa nthambi za nkhadze za kukhola kwake.

Tiwerenge mokweza

mpa – nda: mpanda
nkha – dze: nkhadze
mba – nde: mbande
chi – swe: chiswe
u – to – mo – ni: utomoni

Tikambirane

1. Kodi mpanda wamoyo ukusiyana bwanji ndi mpanda wa mitengo youma?
2. Banja lanu linadula mitengo ingati chaka chino pomanga mpanda?
3. N'chifukwa chiyani sitidula thuja kufika m'kati mouma?
4. Utomoni wa nkhadze ukalowa m'diso la mwana, tichite chiyani?
5. Pamudzi pathu pano, ndi pati pamene pangayenere thuja, nanga ndi pati pamene pangayenere nkhadze?

Tiwerengere

1. Kutsogolo kwa sukulu ndi mamita 30. Tikabzala mbande ziwiri za thuja pa mita iliyonse, tifuna mbande zingati?
2. Dimba ndi mamita 20 m'litali, mamita 10 m'lifupi. Kuzungulira dimba lonse ndi mamita angati?

Tilembe m'makope mwathu

Mpanda wamoyo sudyedwa ndi chiswe chaka ndi chaka.
Tibzale mpanda, tisunge nkhalango.

Ntchito ya kunyumba

Aliyense ayeze dimba lake ndi mapazi, alembe nambala yake, abwere nayo pa phunziro lotsatira.