Nkhandwe Iwomberedwe Mwezi Uti? Mafunso ndi Mayankho

Ku Britain nkhandwe yofiira siisowa. Ili m'mapiri a ku Wales momwe mumadya nkhosa, ili m'minda ya tirigu ya ku Norfolk, ilinso m'misewu ya London momwe imagudubuza mabini usiku. Mu 2018 bungwe la Mammal Society linayerekeza kuti m'dzikomo muli nkhandwe pafupifupi 357,000. Oweta nkhosa, oweta nkhuku, osamalira mbalame za alenje ndi oteteza mbalame zam'tchire onse ali nayo chifukwa nyamayi, ndipo ambiri amaigwirira mfuti. Mkangano umabuka pa mwezi woyenera kuchita zimenezi.

Kodi lamulo linaika nyengo yowombera nkhandwe?

Ku England, Wales ndi Scotland silinaike. Agwape ali ndi miyezi yomwe saloledwa kuphedwa, mbalame za alenje nazonso zili nayo, koma nkhandwe ilibe tchuthi. Munthu yemwe ali ndi chiphaso cha mfuti chochokera kupolisi komanso chilolezo cha mwini malo angathe kuiwombera tsiku lina lililonse la chaka.

Malamulo anakhwima pa njira zophera. Kuthira poizoni n'koletsedwa. Kusaka ndi gulu la agalu kunaletsedwa ku Scotland mu 2002, ndipo ku England ndi Wales lamulo la Hunting Act linayamba kugwira ntchito mu Febuluwale 2005. Linangosiya mpata woti agalu osapitirira awiri avumbulutse nkhandwe pathengo kuti wamfuti aiwombere. Makhwekhwe anathetsedwa ku Wales mu 2023 ndi ku Scotland mu 2024. Mayiko ena a ku Ulaya anatenga njira ina. Lamulo la ulenje la ku Germany limaletsa kupha nyama yomwe ikulera ana mpaka anawo atayamba kudziimira paokha, pomwe Luxembourg inaletsa kusaka nkhandwe mu 2015.

Ngati lamulo silikuletsa, bwanji osangowombera ikapezeka?

Chifukwa nkhandwe ili ndi kalendala yake, ndipo chipolopolo cha mu Ogasiti sichigwira ntchito yofanana ndi cha mu Febuluwale.

Nkhandwe zimakwerana pakati pa Disembala ndi Febuluwale, makamaka mu Januwale. Ndiyo nthawi yomwe anthu amadzidzimuka pakati pa usiku ndi kukuwa kwake, komwe alendo ambiri amayesa kuti ndi munthu wakumana ndi achiwembu. Yaikazi imakhala ndi bere masiku pafupifupi 52, n'kuswa m'dzenje mu Malichi kapena kumayambiriro kwa Epulo, kawirikawiri ana anayi kapena asanu. Tianato timabadwa tosaona ndi tosamva. Kwa milungu iwiri kapena itatu yoyamba mayi sapita patali, ndipo chakudya chimabwera ndi yaimuna. Kumapeto kwa Epulo tiana timayamba kusuzumira kunja. Pofika Ogasiti tayamba kudzisakira, ndipo kuyambira Sepitembala kapena Okutobala ambiri amasiya malo a makolo kukafuna awoawo, ulendo womwe umapitirira mpaka m'kati mwa nyengo yozizira.

Choncho nkhandwe zimakhala zochuluka kwambiri mu Epulo ndi Meyi, ana atangobadwa, ndipo zimakhala zochepa kwambiri mu Febuluwale, imfa za chaka chonse zitachitika kale koma ana atsopano asanabadwe.

Ndi mwezi uti womwe nkhandwe imawomberedwa mosavuta?

Akangokolola tirigu ndi balere, kumapeto kwa Julayi mpaka Sepitembala. Minda yomwe imabisa chilichonse imasanduka chiputu choti munthu n'kuona kuchokera kumalire kufika kumalire ena. Ana a chaka chimenecho akula ngati makolo awo koma nzeru sizinabwere. Mlenje amapsopsona kuseri kwa dzanja lake kuti pamveke kulira kwa kalulu wogwidwa, ndipo kankhandwe kamathamangira komweko, nthawi zina mpaka kufika pafupi ndi galimoto. Usiku umodzi munthu angathe kugwetsa zingapo.

Kwa osamalira mbalame zotchedwa pheasant nyengoyi ili ndi phindu lenileni. Mu Julayi ndi Ogasiti amaika anapiye m'makola a waya m'nkhalango kuti azolowere tchire ulenje usanatsegulidwe pa 1 Okutobala, ndipo nkhandwe imodzi ikalowa m'khola lotero imapha ambirimbiri usiku umodzi. Kwa woweta nkhosa nkhani ndi ina: ana a nkhosa zake adzabadwa patapita miyezi 6 kapena 7.

Zikuphedwa zambiri chotere, nanga bwanji sizikutha?

Nkhandwe iliyonse yaikulu imakhala ndi dera lake lomwe imaliteteza kwa zinzake. Mwini dera akafa mu Okutobala, tchire limakhala lodzaza ndi ana osowa pokhala, ndipo malowo satenga nthawi asanapeze mwini watsopano. Zili ngati kukapa madzi pachitsime cham'dambo: madzulo chauma, m'mawa chadzaza. Ndiponso ambiri mwa ana ophedwa pachiputu akanafabe okha chisanu chisanathe, ena ndi njala, ena ndi mphere, ena kugundidwa ndi galimoto.

Chaka cha 2001 chinapereka mpata woyesa nkhaniyi. Matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi atagwira ziweto za ku Britain, kusaka nkhandwe ndi agalu kunaimitsidwa pafupifupi chaka chathunthu. Akatswiri a ku yunivesite ya Bristol, motsogozedwa ndi Stephen Harris, anawerenga ndowe za nkhandwe m'madera ambiri ndipo mu 2002 analengeza m'magazini ya Nature kuti chiwerengero sichinasinthe kwenikweni.

Komabe sikuti mfuti ilibe mphamvu. Kafukufuku wa Matthew Heydon ndi Jonathan Reynolds, yemwe anatuluka mu 2000, anapeza kuti pakati pa dziko la Wales ndi kumadzulo kwa Norfolk, komwe pafupifupi mwini malo aliyense amapha nkhandwe chaka ndi chaka, nkhandwe zinalidi zochepa kuyerekeza ndi zomwe malowo akanatha kusunga. Mlimi mmodzi payekha amangopeza mpumulo wa milungu ingapo. Chigawo chonse chikagwirizana, chiwerengero chimatsika.

Tsono nthawi yomwe chipolopolo chimapindula kwambiri ndi iti?

Kuyambira Januwale mpaka kumayambiriro kwa Malichi. Zifukwa zitatu zimakumana pamenepa. Ulendo wa ana ofuna malo uli kumapeto, kotero dera lomwe mwini wake wafa limakhala kanthawi lopanda mlowam'malo. Nkhandwe zomwe zilipo ndi zomwe zapulumuka chisanu ndipo zikukonzekera kuswa, choncho yaikazi imodzi ikachoka, banja lonse la chaka chimenecho lachoka. Chachitatu, ana sanabadwe, ndiye palibe wotsala m'dzenje kudikira mayi yemwe sabweranso.

Nyengoyi imathandizanso mlenje. Mitengo yayoyola masamba, udzu wagona, usiku ndi wautali, ndipo zazimuna zimayendayenda mosasamala pofuna zazikazi. Vuto lake n'lakuti nkhandwe ya mu Febuluwale ndi mkhalakale. Ngati inawalitsidwapo tochi n'kuphonyedwa, ikangoona kuwala imatembenuka osacheukanso.

Pali ena omwe zimawawawa kuti yaikazi yowomberedwa mu Febuluwale imakhala ili ndi bere. Alenje amayankha kuti imfa imeneyo ndi yachangu, kusiyana ndi ya ana ofa ndi njala mu Epulo.

Woweta nkhosa achite liti?

Milungu ingapo nkhosa zisanayambe kuswa. M'madera ambiri zimaswa mu Malichi ndi Epulo, ndipo zam'mapiri zimachedwerako mpaka Meyi, nthawi yomweyo yomwe nkhandwe zili ndi pakamwa pambiri podyetsa. Omwe ali pangozi ndi ana a masiku ochepa, makamaka amapasa, chifukwa mayi sangateteze awiri nthawi imodzi.

Kukula kwa vutoli n'kofunika kukudziwa. Komiti ya Lord Burns, yomwe inafufuza za kusaka ndi agalu, inanena mu 2000 kuti ana a nkhosa athanzi omwe amaphedwa ndi nkhandwe ku England ndi Wales sakwana 2 pa 100 alionse. Ambiri amafa ndi kuzizira, njala ndi kubadwa movutikira. Koma chiwerengero cha dziko lonse sichitonthoza mlimi yemwe nkhandwe imodzi yazolowera busa lake.

Mbusa wodziwa ntchito sathamangira mfuti akapeza mtembo. Amayamba watembenuza kamwanako n'kuyang'ana kunsi kwa ziboda. Mwana wankhosa amabadwa ndi kachikopa kofewa kuzibodako, komwe kamaperepeseka akangoyamba kuyenda. Ngati kakadalipo, sanaimirirepo. Kenako amayang'ana pomwe mano analowa. Ngati pali magazi oundana pansi pa khungu, kamwanako kanagwidwa kali moyo. Ngati palibe, nkhandwe inangotola chakufa kale, ndipo kuiwombera sikuchepetsa imfa pabusapo.

Nanga oteteza mbalame zoikira mazira pansi?

Apa ndi pomwe mutu umaima. Nkhwali za ku Britain, pamodzi ndi mbalame zam'dambo monga curlew ndi lapwing, zimaikira ndi kufungatira kuyambira Epulo mpaka Juni kapena Julayi. Nkhandwe imadya mazira, anapiye, ngakhalenso make ali pachisa. Chitetezo chimafunika miyezi yomweyo yomwe nkhandwe ili ndi ana kudzenje.

Umboni wakuti kupha adani a mbalamezi m'nyengo yoikira kumathandiza ndi wamphamvu. Pa Salisbury Plain, m'zaka za m'ma 1980, bungwe lomwe lero limatchedwa Game and Wildlife Conservation Trust linayerekeza malo awiri: kwina mlonda wa mbalame ankapha nkhandwe, akhwangwala ndi tizilombo tina, kwinako ayi. Patapita zaka zitatu, nkhwali za kumalo otetezedwa zinachuluka kuwirikiza katatu ndi theka pa nthawi yokolola. Ku Otterburn, m'chigawo cha Northumberland, kafukufuku wa pakati pa 2000 ndi 2008 anapeza kuti komwe nkhandwe ndi akhwangwala ankachepetsedwa, mbalame zokwanitsa kulera anapiye zinkawirikiza pafupifupi katatu. Mbalame ya curlew inalowa m'ndandanda wa mbalame zomwe zili pachiopsezo chachikulu ku Britain mu 2015, choncho ngakhale mabungwe ena okonda zachilengedwe amalola mfuti pamalo pomwe njira zina zakanika.

Nzeru yomwe ilipo ndi kuyamba msanga. Ntchito yaikulu ikagwiridwa mu Januwale ndi Febuluwale, zowombera mu Epulo ndi Meyi zimakhala zochepa.

Yaikazi yoyamwitsa ikawomberedwa, anawo zimawathera bwanji?

Ngati sanakwane mwezi, amafa ndi kuzizira ndi njala. Akakulirapo, yaimuna kapena yaikazi ina ya m'banjamo nthawi zina imapitiriza kuwatengera chakudya, koma palibe angadalire zimenezo. N'chifukwa chake malangizo a mabungwe a alenje amati wowombera nkhandwe m'miyezi imeneyi aitembenuze n'kuona mawere. Ngati ndi otupa ndipo ubweya wozungulira unathothoka, udindo wake ndi kufunafuna dzenje kuti anawo awaphe mwachangu, asazunzike.

Dzenje lokhala ndi ana silivuta kulizindikira: udzu wapakhomo umakhala wopondedwapondedwa, pali nthenga, mapiko, mafupa a akalulu, ntchentche ndi fungo lamphamvu. Koma nkhandwe nthawi zina imabwereka dzenje la nyama yotchedwa badger, yomwe ndi yotetezedwa ndi lamulo la 1992. Wokumba dzenje lotero amakayankha mlandu kukhoti.

Usiku kapena masana?

Kwambiri ndi usiku, kapena m'bandakucha ndi chisisira. Kale chida chachikulu chinali tochi yamphamvu: maso a nkhandwe amanyezimira kuwala kukawagunda. Komiti ya Burns inaona kuti njira imeneyi, ikatsatidwa bwino, imazunza nyama pang'ono kuyerekeza ndi kuithamangitsa ndi agalu. Masiku ano ambiri ali ndi makina oona kutentha kwa thupi mumdima. Mfuti zodziwika ndi za .223, .22-250 ndi .243, pomwe yamachaka imangoyenera pafupi, mamita osapitirira 30. Lamulo la alenje lomwe silisintha ndi lakuti maso okha saomberedwa. Nkhosa, galu, mwana wang'ombe, onsewa maso awo amawala, choncho thupi lonse lioneke kaye, komanso kumbuyo kwake kukhale nthaka yoimitsa chipolopolo.

Kodi ku Australia miyezi yake ndi yomweyi?

Ayi, kalendala imatembenuka. Atsamunda anapititsako nkhandwe kuti azichita masewera a ulenje, ndipo pofika m'ma 1870 zinali zitakhazikika ku Victoria. Lero zafalikira mbali yaikulu ya dzikolo ndipo zapulula tinyama tambiri ta komweko. Zimakwerana mu Juni ndi Julayi, zimaswa mu Ogasiti ndi Sepitembala, ndipo ana amabalalika chakumapeto kwa chilimwe cha kumeneko. Boma la Victoria linayamba mu 2011 kupereka madola 10 pa chikopa cha pamutu pa nkhandwe iliyonse. Kusiyana ndi ku Britain, nyambo za poizoni wa 1080 n'zololedwa, ndipo alimi oyandikana amalimbikitsidwa kutchera nthawi imodzi milungu ingapo nkhosa zisanaswe. Pachilumba cha Phillip Island, komwe nkhandwe zinkapha mbalame za penguin, ntchito ya zaka zambiri inatheka ndipo mu 2017 analengeza kuti zatha. Nyanja inathandiza kutsekereza zobwera.

Kodi mfuti ndiyo yankho nthawi zonse?

Ayi. Chiwewe chitafalikira mu nkhandwe za ku Ulaya, kuzipha mwaunyinji sikunachiimitse. Chinagonja ndi katemera wobisidwa m'nyambo, yemwe Switzerland inayamba kumwaza mu 1978, ndipo Germany inalengeza kuti yathana nacho mu 2008. Pa Middle Island, kufupi ndi Warrnambool ku Australia, mbalame za penguin zinatsala zosakwana 10 mu 2005 chifukwa cha nkhandwe. Chaka chotsatira anayamba kuikapo agalu olondera a mtundu wa Maremma, ndipo mbalamezo zinayambanso kuchuluka. Woweta nkhuku amapindula kwambiri ndi waya wamagetsi komanso kutseka khola dzuwa likamalowa. M'tauni kuwombera n'koopsa ndipo malo a yophedwa amatengedwa msanga, choncho chothandiza ndi bini yotseka bwino.

Komwe mfuti ikufunikadi, mwezi umasankhidwa poyang'ana chomwe chikutetezedwa. Wa anapiye a pheasant ntchito yake ili mu Julayi ndi Ogasiti. Wa nkhosa ndi wa mbalame zoikira pansi ayenera kuti wamaliza gawo lalikulu la ntchito pofika sabata yoyamba ya Malichi, nkhandwe zisanaswe.