Wotchi Yobisika m'Bongo

Kodi nchiyani chimadzutsa munthu mbandakucha, belu la Misa lisanalire? M'bongo, pamwamba pa mphambano ya mitsempha ya maso, muli kagulu ka maselo kosunga nthawi.

M'chaka cha 1995, ku Boston, David Welsh ndi anzake anatenga maselowo mwa ana a makoswe, nawalera m'mbale. Ndipo taonani: maselo ambiri, osaona dzuwa konse, anasunga lililonse tsiku lakelake la maola ngati 24, lina kutsogola, lina kutsalira. Atawatontholetsa ndi mankhwala masiku awiri ndi theka, anayambiranso pa nthawi yake, osasokera.

M'thupi, kuwala kolowa m'maso ndiko kumaongola wotchiyi tsiku ndi tsiku. Chifukwa chake mlonda wa usiku, ngakhale atatopa, tulo timamuvuta masana.