Azakhali Akuyankha: Za mawere a mnyamata wa ku Chama

Azakhali, ndine mnyamata wa zaka 24 wa kuno ku Chama. Mawere anga anayamba kutupa ndili ku sekondale ndipo mpaka lero sanaphwe. Ndimavala malaya awiri, ndipo kumtsinje sindisamba ndi anzanga. Ndili ndi chibwenzi koma ndikuopa banja. Ndamva kuti kuli opaleshoni. Ndikakumana ndi zotani?

Mwanawanga, malaya awiri ku Chama, kuchigwa cha Luangwa kumene mu Okutobala nkhuku zimayenda zitayasama? Chifukwatu thukuta likupha mawerewo asanakulakwire kanthu. Ndipo zaka zonsezi wangokhala chete, osauza ngakhale amalume ako. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, iwe.

Khazika mtima pansi. Sunalodzedwe, ndipo sukusanduka mkazi. Madokotala amati gynaecomastia. Mwamuna aliyense ali ndi kanyama ka bere kuseri kwa nsonga, ndipo mahomoni akasokonekera pang'ono kanyamako kamakula. Anyamata ambiri zimawachitikira akamatha msinkhu, koma zimaphwa zokha pasanathe zaka ziwiri. Zako zakhalitsa, nyamayo yalimba, motero kufinya, kusita ndi mthiko wotentha kapena kutemera mphini sikungaichotse. Ungotsala ndi zipsera, mawere ali pompo.

Usathamangire mpeni. Yambira pa Chama District Hospital, uvule malaya, akuone. Akakufunsa za mowa, usaname kuti umamwa pa Khirisimasi pokha, chifukwa kachasu akawononga chiwindi mawere amakula. Akufunsanso za chamba, za mankhwala okuza minofu amene anyamata onyamula zitsulo amagulitsana, ndi za mapiritsi amene umamwa. Efavirenz, amene anali mu ma ARV a anthu ambiri dolutegravir asanabwere, amadziwika ndi vuto limeneli, chimodzimodzi spironolactone ndi cimetidine. Ngati uli pa mankhwala otere usasiye wekha, osintha ndi achipatala. Akapempha kuyeza machende, usalumphe pabedi: chotupa cha kumeneko nachonso chimakuza mawere. Nthawi zina ndi mafuta chabe, ndipo khasu ndi kuchepetsa nsima zimathandiza.

Apa ndiye sindiseka. Bere limodzi likakhala ndi chotupa cholimba, nsonga ikulowa m'kati kapena ikutulutsa magazi, kapena m'khwapa mwatupa, pita sabata yomweyo. Khansa ya m'mawere imagwiranso amuna, ngakhale kuti ndi mwa apo ndi apo.

Akaona kuti pakufunika opaleshoni, akulembera kalata yopita nayo kuchipatala chachikulu, monga Chipata Central Hospital kapena UTH ku Lusaka. Usiku woti mawa ndi opaleshoni akuletsa kudya, ndipo fodya usiyiretu masabata angapo m'mbuyo chifukwa amachedwetsa bala kupola. Kawirikawiri amakugoneka tulo, ntchito yonse ya ola limodzi kapena awiri. Dokotala amacheka m'mphepete mwa kabwalo kakuda kozungulira nsonga, cha kumunsi, kuti chipsera chibisale, n'kuchotsa nyama yolimbayo. Ngati pali mafuta ambiri, malo ena ali ndi makina opopera. Mawere akakhala aakulu kwambiri amadulako ndi khungu, ndipo pamenepo chipsera chimatalika.

Ukadzuka usayembekezere chifuwa cha wosewera mpira wa Chipolopolo. Udzapeza mabandeji, kutupa, kuwawa ngati wamenyedwa zibakera, mwinanso kapaipi kotulutsa magazi ndi madzi kamene amachotsa pakapita tsiku limodzi kapena angapo. Anyamata ambiri amagwa mphwayi pamenepa, kuganiza kuti dokotala sanachotse kanthu. N'kutupa chabe, ndipo chifuwa chenicheni chimaoneka pakatha miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nsonga imatha kuchita dzanzi kwa miyezi, ena mpaka kalekale. Mbali ziwirizo sizingafanane ndendende, ndipo pena pamatsala kadzenje. Uwafunse zimenezi usanasaine pepala. Komanso yang'ana thupi lako: ngati chilonda chilichonse chimakusiyira chipsera chotukuka, chonenepa, muuze dokotala, pakuti ife akhungu lakuda zimatichitikira kwambiri ndipo pachifuwa m'pamene zimakonda.

Akupatsa kavesiti kothina kapena bandeji yomanga pachifuwa, usana ndi usiku, masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi. Poti unazolowera kale kuphatikiza zovala, apa ndiye uli katswiri. Ntchito zopepuka ungayambe pakatha sabata imodzi kapena awiri, koma khasu, kusenza thumba la mpunga ndi kupalasa njinga yonyamula katundu, iwalako kwa mwezi ndi theka. N'chifukwa chake ndikuti ngati akulola kusankha nthawi, sankha Juni kapena Julayi, utakolola. Kumakhala kozizirirako, bala silinyowa ndi thukuta, ndipo msewu wa ku Lundazi umapitika. M'dzinja ungavutike kubwerera kukaonetsa bala, kwinaku udzu ukudya munda. Usakwerenso basi tsiku lotsatira opaleshoni; pezeratu wachibale pafupi ndi chipatala ugoneko masiku angapo. Mbali imodzi ikatupa mwadzidzidzi n'kulimba, thupi likatentha, kapena bala likatulutsa mafinya, bwerera msanga, usadikire tsiku limene anakulembera.

Kodi amameranso? Nyama yochotsedwayo kawirikawiri sibwerera, koma ukabwerera ku botolo, ku mankhwala a minofu kapena kunenepa kwambiri, chifuwa chidzadzazanso. Za ndalama, funsiratu. Zipatala zina zimaiona ngati opaleshoni yongokongoletsa thupi, choncho ngati uli ndi khadi la NHIMA ukamve kaye ngati ilipiridwe, usanagulitse mbuzi za amayi ako.

Tsono za chibwenzi chakocho. Ukuganiza kuti sanaone? Ife akazi timaona ngakhale zimene mwabisa m'thumba lakumbuyo. Wakhala nawe akudziwa, ndiye muuze ndi pakamwa pako kuti zimakupweteka mumtima ndipo ukufuna kupita kuchipatala. Ubereki wako mawere saukhudza, pokhapokha ngati gwero lake lili kumachende, zimene akuyeze pa ulendo woyamba womwewo. Koma wokudikirira kuchipatala atengedwe kwanu, mchemwali wako kapena amalume ako, poti mtsikanayo sunamufunsire mbeta.