Njere Imodzi Kapena Zitatu? Zomwe Tikuphunzira kwa Elias Bredsdorff

Tiyambe ndi nthano. Mwana wamkazi wa mfumu anamugoneka pa matiresi 20 ndi zofunda za nthenga 20, pansi penipeni atabisapo njere imodzi ya nsawawa. Usiku wonse sanaone tulo chifukwa njereyo inkamupweteka. Nthanoyi anailemba Hans Christian Andersen wa ku Denmark mu 1835. Koma pamene inkatuluka m'Chingerezi mu 1846, njere ija inali itasanduka zitatu. Womasulira wake, Charles Boner, sanatsate mawu a Chidanishi a mwini nkhani. Anatsata buku la Chijeremani lomwe linali litawonjezera kale njerezo, chonsecho kukoma kwa nthabwalayi kwagona pa njere imodzi yokhayo.

Munthu amene tikuphunzira za iye lero anathera zaka zambiri akulimbana ndi zolakwika za mtundu umenewu.

Anali ndani?

A Elias Bredsdorff anabadwa mu 1912 ku Roskilde, m'dziko la Denmark. Bambo awo ankayendetsa sukulu ya anthu akuluakulu, imodzi mwa sukulu zopanda mayeso zimene zinayamba chifukwa cha maganizo a N. F. S. Grundtvig. Nawonso anatsata mapazi a bambo awo, ndipo anaphunzitsapo pa koleji yosula aphunzitsi ku Vordingborg. Choncho ife amene tikuchita maphunziro a zauphunzitsi tingawatche mnzathu pa ntchito.

Pa 9 Epulo 1940 asilikali a Germany analanda dziko la Denmark. A Bredsdorff sanakhale chete. Anagwira nawo ntchito ya nyuzipepala yachinsinsi yotchedwa Frit Danmark, kutanthauza Denmark Waufulu, ndipo anamangidwa n'kukhala m'ndende kwa kanthawi.

Nkhondo itatha, mu 1946, anapita kukaphunzitsa Chidanishi ku University College London. Mu 1949 anasamukira ku yunivesite ya Cambridge, komwe anadzakhala mkulu wa gawo la maphunziro a zinenero ndi mabuku a ku Scandinavia kuyambira 1960 mpaka 1979. Anamwalira mu 2002 ali ndi zaka 90.

Vuto limene anapeza ku England

Akuluakulu amati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. A Bredsdorff anaona chinthu chimene eni dziko sankachiona. Angerezi ankamukonda Andersen, koma ankamuyesa wolemba tinkhani togonekera ana basi. Kwawo ku Denmark, munthu yemweyu ankawerengedwa ndi akulu omwe, chifukwa nthano zake zimalasa onyada ndi olemera, ndiponso zimanena za umphawi ndi imfa mosabisa. Andersen anali mwana wa wosoka nsapato ndi mayi wochapira anthu zovala ku Odense, ndipo umphawi ankaudziwa bwino.

Kodi zonsezi zinasowera kuti? Omasulira ena oyambirira sankachidziwa bwino Chidanishi. Ena ankachotsa zimene ankaona ngati zosayenera ana, n'kuikamo malangizo awoawo. Owerenga analandira nsima yosungunulidwa n'kumaganiza kuti mwini wake anaphika phala.

Zimene anachita

Choyamba, anapatsa ophunzira njira yoti adziwerengere okha. Mu 1956 anatulutsa buku lophunzitsa Chidanishi kwa olankhula Chingerezi.

Chachiwiri, anabwerera ku makalata ndi zolemba za tsiku ndi tsiku za Andersen. Mu 1956 momwemo analemba za ubwenzi wa Andersen ndi Charles Dickens. Mu 1857 Andersen anapita kukacheza kwa Dickens kwa milungu iwiri, koma anakhalako milungu isanu. A pabanjapo anatopa naye, ndipo ubwenziwo unazirala. Mlendo ndi mame, koma mame awa anakana kuuma. A Bredsdorff sanabise nkhaniyi pofuna kuteteza munthu wakwawo.

Chachitatu, mu 1975, patatha zaka 100 Andersen atamwalira, anatulutsa mbiri ya moyo ndi ntchito zake m'Chingerezi, momwe anafotokozamonso mmene omasulira anamupotozera.

Phunziro kwa ife

Ambirife tinakhoza mayeso ndi manotsi okopera kwa anzathu a fomu yapatsogolo, amenenso anakopera kwa ena. Pena tinkayankha mafunso a buku lomwe sitinaliwerenge mpaka kumapeto. Posachedwapa tidzaima kutsogolo kwa kalasi, tili ndi buku la Chingerezi m'manja, tikufotokozera ana m'chinenero chimene amamva. Pamenepo womasulira adzakhala ifeyo. Tikadzanena kuti njere zinali zitatu, ana onse adzalemba zitatu, ndipo wina mwa iwo adzakhala mphunzitsi n'kukauzanso ena zomwezo.

Tisanaphunzitse mutu uliwonse, tiyeni tiziyamba tafunafuna buku lenilenilo n'kuliwerenga tokha. Pamene tafupikitsa kapena kusintha, tiziwauza ana kuti apa ndi mawu athu, osati a mlembi.

Mafunso okambirana

1. Ndi mfundo iti imene tinailoweza kusekondale koma sitinaioneko m'buku lake?
2. Kodi kufewetsa nkhani kuti mwana amve kumathera pati, ndipo kuipotoza kumayambira pati?
3. Tikazindikira kuti dzulo tinaphunzitsa zolakwika, kalasi tingaliuze bwanji?