Chingwe Kapena Mpeni? Za Makina Otchetchera Udzu

Anzanga, mvula ino udzu ukukula ngati wathiridwa feteleza, ndipo ena a ife timapeza ya makope pogwira maganyu ndi makina otchetchera aja a petulo. Imvani zomwe ine ndaphunzira pa maganyu amenewa.

Musanamange chilichonse kumutu kwa makina, yambani mwaona malowo. Kapinga wa pabwalo la mpira safuna mpeni ayi. Chingwe cha nayiloni cha mamilimita 2.0 kapena 2.4 chimakwana. Chokhuthala ngati cha 3.0 chimalemetsa injini yaing'ono, liwiro limatsika, petulo n'kumangotha. Chingwe chobulungira chimapirira pafupi ndi zipupa, pomwe cha ngodya zinayi chimadula bwino udzu wokhwima koma chimatha msanga chikamakhula simenti.

Mutu umene ndimaukonda ndi wogunditsa pansi uja. Makina akuzungulira, mukangougunditsa pang'ono chingwe chimatuluka chokha. Chingwe chokhalitsa chimauma n'kumangoduka, ndiye ine ndimachiviika m'madzi tsiku lathunthu. Nayiloni imamwa madzi pang'ono n'kufewa.

Mpeni wa mano atatu ndi wa tsekera, bango ndi tchire. Koma kuseri kwa makalasi kuja, komwe kuli zidutswa za njerwa mbwee, musayerekeze! Mpeni ukagunda mwala, mwalawo umauluka ngati wa legeni, mwinanso makinawo n'kukutembenukirani. Valani magalasi oteteza maso ndi nsapato zotseka, ndipo anzanu atalikire mamita 15. Mawindo sangatalikire, ndiye m'mphepete mwake ine ndimazimitsa makina n'kutenga chikwakwa.