Malangizo: Kompyuta Ikagwidwa Vayirasi

Lero tikambe za vayirasi ya pakompyuta.

Kawirikawiri imabwera ndi fulashi kapena memori khadi, zija timakaikitsa nyimbo ndi mafilimu kwa anyamata obena pamsika. Mwabaya fulashi, mukungoona mafoda onse asanduka ma shortcut, aliyense ali ndi kamuvi pakona. Musadinepo, chonde. Mafayilo anu sanafufutike, angobisidwa, ndipo kudina pamenepo ndiko kuidzutsa vayirasiyo.

Yatsani data pang'ono kuti Microsoft Defender, imene imakhalamo kale mu Windows 10 ndi 11, ilandire update, kenako thimitsani intaneti. Lowani mu Windows Security, musankhe Microsoft Defender Offline scan. Kompyuta izima yokha n'kuyakanso, musachite mantha, ikufufuza vayirasi isanadzuke. Zimatenga mphindi pafupifupi 15, choncho laputopu ikhale ndi moto wokwanira, magetsi athuwa mumawadziwa. Ikamaliza, bayaninso fulashi ija muchite Custom scan pa fulashiyo.

Nanga mudziwa bwanji kuti vayirasi yatheratu? Bayani fulashi yopanda kanthu, muikemo foda imodzi. Ikasanduka shortcut, mdani akadalimo. Onaninso mu Task Manager, pa Startup, ngati muli pulogalamu yachilendo. Mapasiwedi a Facebook, imelo ndi kubanki asinthireni pafoni, osati pakompyutayo.

Vayirasi ikamabwererabe, sungani zithunzi ndi makalata kwina, muikemo Windows mwatsopano. Ngati kompyuta ikukwanitsa, ikhale 11, poti Microsoft inathetsa chithandizo cha Windows 10 pa 14 Okutobala 2025.